Jakisoni wa Botox: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri ndi mayankho ake

Ambiri a ife dzina la Botox tinalimvera ku nkhani za anthu otchuka ofuna kubisa makwinya. Koma mankhwalawa anayambira m'chipatala cha maso, ndipo mpaka lero pali anthu amene amawafuna kuti athe kutsegula dzanja, kupenya, kapena kugona usiku wonse osadzukira mkodzo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera, kuchokera kwa odwala, kwa osamalira odwala, ndi kwa ofuna kukonza nkhope.

Kodi Botox ndi chiyani kwenikweni?

Ndi mankhwala obaya opangidwa kuchokera ku poizoni wa kachilombo ka bakiteriya kotchedwa Clostridium botulinum. Kachilomboka kamakhala m'dothi ndi m'matope, ndipo kamaswana pamalo posafika mpweya: m'chitini cha chakudya chosakonzedwa bwino, m'nyama yosungidwa molakwika, m'chilonda chakuya. Munthu akadya poizoni wake amadwala matenda a botulism. Zikope zimagwa, kumeza kumavuta, thupi limalefuka kuyambira kumutu kutsikira m'munsi, mpaka mpweya umatha kukanika.

Botox ndi dzina la malonda chabe, monga mmene timatchulira mankhwala aliwonse otsukira mano kuti Colgate. Alipo ena monga Dysport ndi Xeomin, ndipo kusiyana kwake takufotokoza chakumapeto.

Poizoni woopsa chonchi anasanduka bwanji mankhwala?

Cha m'ma 1820, dokotala wa ku Germany, Justinus Kerner, analemba za anthu amene ankafa atadya masoseji owonongeka. Ndi kumene kunachokera dzinali, pakuti botulus m'Chilatini ndi soseji. Kerner yemweyo anaganiza kale kuti poizoni wolefula minofu chotere, atachepetsedwa kwambiri, angathandize anthu amene minofu yawo imagwira ntchito mopyola muyezo. Mu 1895, m'mudzi wa Ellezelles ku Belgium, oimba bandi anadya nyama ya nkhumba yosungidwa atachoka pa maliro. Ambiri anadwala, atatu anamwalira, ndipo Émile van Ermengem atapima nyamayo anapeza kachilombo koyambitsa zonsezi. Alimi a ng'ombe ku South Africa amawadziwanso matendawa, amawatcha lamsiekte: ng'ombe zikasowa mchere wa phosphorus zimakukuta mafupa a nyama zakufa, n'kutengamo poizoniyu.

Amene anam'lowetsa m'chipatala ndi Alan Scott, dokotala wa maso wa ku San Francisco. Iye ankafuna njira yowongolera maso osayang'ana mbali imodzi popanda opaleshoni. Anayesa kaye pa anyani, kenako pa anthu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Mu 1989 FDA, bungwe la boma la America loona za mankhwala, linavomereza mankhwalawa pa vuto la masolo ndi pa zikope zotsinzina zokha.

Za makwinya zinadziwika mwangozi. Ku Vancouver, dokotala wa maso Jean Carruthers anaona kuti odwala amene ankawabaya chifukwa cha zikope ankasalala pakati pa nsidze. Iye ndi mwamuna wake Alastair, dokotala wa khungu, anafalitsa zimenezi mu 1992, ndipo FDA inavomereza ntchito yokongoletsayi mu 2002.

Amagwira bwanji ntchito m'thupi?

Mnofu suyenda wokha, umadikira uthenga wochokera ku ubongo. Uthengawo ukafika kunsonga kwa mtsempha, mtsempha umatulutsa timadzi totchedwa acetylcholine, ndipo mnofu ukalandira umakungika. Poizoniyu amalowa kunsongako n'kudula kapuloteni kotchedwa SNAP-25, komwe ndi kamene kamatsegulira timadzito njira. Mthenga wafika pakhomo koma chitseko sichikutseguka, ndiye mnofu umangokhala phee.

Timadzi tomweti ndi timene timalamula tiziwalo totulutsa thukuta ndi malovu, n'chifukwa chake jakisoniyu amathandizanso pamenepo. Sachititsa dzanzi. Pamalo pobayidwapo mumamva kukhudza, kutentha ndi kuzizira monga kale. Ndipo mtsempha suferatu: pakapita miyezi umakonzanso nsonga yake, mnofu n'kuyambanso ntchito.

Amathandiza matenda ati?

Kuwonjezera pa maso ndi zikope, amathandiza khosi lopotokera mbali imodzi lokha, nkhope yogwedezeka mbali imodzi, miyendo ndi manja oumagwa chifukwa ubongo kapena msana unavulala, mutu waching'alang'ala wosatherapo, thukuta lopyola muyezo, chikhodzodzo chosagwira mkodzo, ndi dovu losalekeza. Madokotala ena amawagwiritsanso ntchito pa mawu onjenjemera, pa kukukuta mano, ndi pa chilonda chong'ambika kotulukira chimbudzi.

Pa zonsezi palibe pamene amachiza gwero la matenda. Amapumitsa mnofu kapena kachiwalo kwa kanthawi, basi.

Bambo anga anadwala sitiroko ndipo dzanja linafumbata. Jakisoniyu angawachiritse?

Kuchiritsa ayi, kuthandiza inde, ndipo ndi bwino banja limvetse kusiyanaku lisanatulutse ndalama. Amene anasamalirapo wodwala wotere akudziwa mmene zimakhalira. Chigongono chimapindika n'kukakamira pachifuwa. Zala zimafumbata mwamphamvu moti zikhadabo zimalowa m'chikhatho. Mukafuna kusambitsa m'katimo mumachita kukanula chala chimodzichimodzi, wodwala akubuula, ndipo mumapeza khungu lanyowa, latuwa, likununkha. Kuwaveka malaya kokha kumatenga anthu awiri.

Jakisoniyu amafewetsa minofu imene ikukokayo. Dzanja limatseguka, mumasambitsa, mumawenga zikhadabo, ululu umachepa, ndipo phazi limene linkaloza pansi limatha kuponda bwinoko. Koma mphamvu imene inatayika sabwezeretsa. Ndipotu amachita kufooketsa mnofu wobayidwawo, ndiye pafunika dokotala wodziwa kusankha mnofu woyenera. Ena amagwiritsa ntchito makina a sikani kapena kachipangizo ka magetsi kuti singano ifike penipeni.

Chimene ndimafuna mabanja amve ndi ichi: jakisoni amangotsegula mpata wa miyezi itatu, ndipo ntchito yeniyeni ndi mafizo a m'miyezi imeneyo, kuwongola dzanja tsiku ndi tsiku ndi kuvala chothandizira kuti lisabwerere. Mankhwalawa ndi ochokera kunja, ndi odula, ndipo sapezeka m'chipatala chilichonse. Musagulitse mbuzi kapena munda chifukwa cha jakisoni mmodzi musanadziwe amene adzachititse mafizo ndi kumene kudzachokere wachiwiri. Komanso ngati mfundo inaumiratu kwa zaka, moti siwongoka ngakhale wodwala ali mtulo, jakisoni sangathenso kanthu. Pamenepo a mafupa ndi amene angaone ngati pakufunika opaleshoni.

Nanga ana olumala chifukwa cha vuto la mu ubongo?

Ana amene anabanika pobadwa, amene anadwala chikasu chachikulu ali akhanda, matenda oumitsa khosi kapena malungo a mu ubongo, ena amakula ndi minofu youma. Mumawaona akuyendera zala za kumapazi, kapena miyendo ikupingasana ngati sizasi mayi akamawanyamula. Kwa ana a zaka ziwiri kupita m'tsogolo, jakisoniyu amatha kufewetsa katumba kapena minofu ya m'kati mwa ntchafu, kuti chidendene chifike pansi ndi kuti mayi athe kum'sambitsa ndi kum'bereka kumbuyo mosavutika. Nthawi zambiri amaphatikiza ndi chikhakha kapena nsapato zapadera, ndipo zonse tanena za mafizo pa funso la sitiroko zikugwiranso ntchito pano.

Mulingo wa mwana amawerengera kulemera kwake. Mwana amene amatsamwa kale pakudya kapena amadwaladwala chibayo afunika kusamala naye kwambiri, ndipo muuzeni dokotala zimenezi asanabaye.

Ndimadwala mutu pafupipafupi. Ndikabayitse?

Osati mutu uliwonse. Anavomerezedwa mu 2010 pa mutu waching'alang'ala wosatherapo: munthu wodwala mutu masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi yoposa itatu, ndipo masiku osachepera 8 mwa amenewo ukhale waching'alang'ala weniweni. Amabaya mayunitsi (muyezo wa mphamvu ya mankhwalawa) 155 m'malo 31 pachipumi, m'mbali mwa mutu, kunkhongo, m'khosi ndi m'mapewa, n'kumabwereza pa masabata 12 aliwonse. Kwa amene awayanja, masiku odwala amachepa, koma mutu sutheratu. Ku England amawapereka kwa munthu amene wayesa kale mitundu itatu ya mankhwala oteteza osaona kusintha.

Musanaganize za jakisoni, kapimitseni BP, maso ndi malungo. Werengerani masiku amene mumamwa mapanado kapena mankhwala ena opha ululu, chifukwa kumwa pafupifupi tsiku lililonse nakonso kumayambitsa mutu wosatha.

N'zoona kuti amaletsa thukuta la m'khwapa?

N'zoona, ndipo pamenepa amagwira bwino kwambiri. Tikunena za thukuta lija lotuluka ngakhale mu Juni kukuzizira, munthu atangokhala muofesi, mpaka amangovala zakuda ndipo amaopa kukweza mkono pa msonkhano. Amabaya mayunitsi 50 m'khwapa lililonse, m'timalo tambirimbiri pansi pa khungu penipeni, ndipo kuuma kwake kumakhala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Thupi silitenthedwa chifukwa cha zimenezi, poti kwina konse thukuta likutulukabe. M'zikhatho amabayanso, koma pamawawa ndipo zala zimatha kufooka kwa masabata angapo.

Thukuta la usiku, la thupi lonse, makamaka limodzi ndi chifuwa kapena kuwonda, ndi nkhani ina. Limenelo kayezetseni TB ndi matenda ena.

Amathandiza munthu amene mkodzo umangom'thawa?

Ngati vuto ndi chikhodzodzo chofinya chokha nthawi isanakwane, ndipo mapiritsi alephera, dokotala amalowetsa kachipangizo koonera m'njira ya mkodzo n'kubaya khoma la chikhodzodzo. Mulingo wake ndi mayunitsi 100, kapena 200 kwa ovulala msana. Choopsa chake n'chakuti chikhodzodzo chingafooke mopitirira, munthu n'kumafunika kapaipi kotulutsira mkodzo kwa kanthawi, ndipo matenda a m'njira ya mkodzo amachuluka.

Mayi amene mkodzo unayamba kungotayika atavutika pobereka akhoza kukhala ndi fistula, bowo lofunika kusoka, ndipo jakisoni sangatseke bowo. Bambo wachikulire amene mkodzo umatuluka modontha akapimitse prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo. Okhala kunyanja ayezetsenso likodzo.

Pa nkhope, amachotsa makwinya onse?

Ayi. Imani pagalasi, mukwinye nkhope, kenako mukweze nsidze, kenako museke. Mizere imene ikubwera mukamatero, pakati pa nsidze, pachipumi ndi m'mbali mwa maso, ndi imene jakisoniyu amaifafaniza, chifukwa imapangidwa ndi minofu. Pakati pa nsidze mulingo wodziwika wa Botox ndi mayunitsi 20 m'malo asanu. Mizere yozama imene imaonekabe nkhope ili chete imangocheperako. Khungu lolendewera ndi masaya olowa sizisintha.

Sayeretsa khungu, sachotsa ziphuphu, mabala kapena zipsera, ndipo amagwira chimodzimodzi pa khungu lakuda ndi loyera. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi Botox woyeretsa khungu akukugulitsani chinthu china.

Kufuna kuoneka bwino si tchimo, ndipo munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha. Koma nkhope ndi imene timalankhulira. Mwana amaona pa nsidze za mayi ake kuti zinthu zili bwanji. Wobaya wabwino amayamba ndi pang'ono, n'kukuitanani pakatha masabata awiri kuti aone ngati pakufunika kuwonjezera.

Amasiyana bwanji ndi ma filler?

Botox amapumitsa mnofu. Filler ndi phala lowirira, nthawi zambiri la hyaluronic acid, lodzazira pamene palowa kapena kukulitsa milomo. Filler wa mtundu umenewu amatheka kusungunulidwa ndi mankhwala ena ngati simunam'konde, pamene Botox akalowa walowa, mumangodikira kuti athe yekha. Filler ali ndi ngozi yakeyake: akalowa mu mtsempha wa magazi amatha kuwononga khungu, ngakhale kuchititsa khungu la maso.

Kubayako kumawawa? Ndipo ndidzaona liti kusintha?

Pa nkhope singano yake ndi yaing'ono zedi, mumamva ngati kulumidwa ndi nyerere, ndipo zonse zimatha m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Pa minofu ikuluikulu pamawawako, ndipo ana ena amawagoneka kaye. Tsiku limenelo musatikite pobayidwapo, ndipo ambiri amalangiza kuti musagone pansi kwa maola anayi.

Kusintha kumayamba pakatha masiku awiri kapena atatu, n'kufika pachimake pa masabata awiri. Mphamvu yake m'minofu imatha pa miyezi itatu kapena inayi. Musabwereze miyezi itatu isanakwane.

Ndikasiya kubayitsa, nkhope idzaipiratu kuposa kale?

Ayi. Minofu imayambanso ntchito ndipo mizere imabwerera mmene inalili, kuphatikizapo ukalamba wa miyezi kapena zaka zimene zadutsazo. Thupi silichita chibaba cha mankhwalawa. Chimene chimachitika n'chakuti maso amazolowera nkhope yosalala, ndiye yakale ija imadabwitsa mwini wake. Mnofu wobayidwa kwa zaka zambiri umawonderako chifukwa chosagwira ntchito.

Zovuta zake ndi zotani?

Zofala ndi zazing'ono: kutupa pang'ono, kuda magazi pobayidwa, mutu, kapena kumva ngati chimfine kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala akasefukira ku mnofu woyandikana nawo, chikope chimagwa, nsidze imodzi imakwera kuposa inzake, kapena kumwetulira kumapendekeka. Zimenezi zimatha zokha pa masabata angapo, ndipo pali mankhwala odontheza m'maso okwezako chikope podikira. Obayidwa m'khosi ena amavutika kumeza.

Chachikulu, ngakhale sichichitika kawirikawiri, ndi poizoni kufalikira kutali ndi pamene anabaya. Mu 2009 FDA inalamula kuti mitundu yonse ya mankhwalawa izikhala ndi chenjezo lalikulu la zimenezi. Zizindikiro zake zili pa funso la kuthamangira kuchipatala.

Ndani sayenera kubayitsa?

Oyembekezera ndi oyamwitsa adikire. Amene ali ndi chilonda kapena chithupsa pamalo pobayapo adikirenso chipole. Odwala matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis, ndi amene amavutika kale kumeza kapena kupuma, akhoza kupwetekeka kwambiri ngakhale ndi mulingo wochepa. Amene thupi lawo linadana nawo ulendo woyamba asabwereze.

Nenani mankhwala onse amene mukulandira. Gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya amene amabayidwa kwambiri m'zipatala zathu, amawonjezera mphamvu ya poizoniyu. Asipirini ndi mankhwala ena osungunula magazi amakulitsa kuda magazi, koma musawasiye nokha dokotala asananene.

Ku saluni ndi pa intaneti akutsatsa motchipa. Pali vuto?

Vuto lilipo, ndipo lalikulu. Pakati pa mankhwala ndi poizoni wakupha palibe china koma mulingo, ndipo mulingowo simungauone ndi maso. Kabotolo ka Botox weniweni kamaoneka ngati mulibe kanthu. Mukakapenda pa kuwala mumangoona kachifunga koyera pansi pake, ndipo wobaya amathiramo madzi a mchere a kuchipatala kuti asungunule. Kabotolo kabodza kakhoza kuoneka chimodzimodzi, koma kali ndi mphamvu yochepa, kapena yochuluka maulendo ambirimbiri.

Zachitikapo. Mu 2004 ku Florida anthu anayi anabayidwa poizoni wopangidwira kafukufuku wa mu labotale, onse anadwala botulism mpaka kupumira makina. Mu 2023 anthu oposa 80, ena ochokera ku Germany, anadwala atabayidwa m'mimba ku Turkey pofuna kuchepetsa thupi. Mu 2025 ku England anthu oposa 30 anadwala m'masabata ochepa atabayidwa mankhwala osavomerezeka pokonza nkhope. Abale athu okhala kumeneko adziwe kuti mankhwalawa amafuna chilolezo cholembedwa ndi wachipatala, ndipo kuyambira mu Okutobala 2021 ndi mlandu ku England kubaya mwana wosakwana zaka 18 pofuna kum'kongoletsa.

Musachite manyazi kufunsa. Wobayayo analembetsedwa ku bungwe loona za ogwira ntchito zachipatala, monga Medical Council of Malawi, kapena HPCZ ku Zambia, kapena HPCSA ku South Africa? Mankhwalawo ndi ovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala, PMRA ku Malawi, ZAMRA ku Zambia kapena SAHPRA ku South Africa? Pemphani kuona bokosi, dzina, nambala yake ndi tsiku lothera ntchito, ndipo asungunule inu mukuona. Funsaninso za firiji. Botox amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akasungunulidwa agwiritsidwe ntchito maola 24 asanathe. Kuno magetsi amathimathima, ndiye funso la jenereta kapena sola silachipongwe. Amene akukwiya ndi mafunso amenewa, kapena wabwera ndi sirinji yodzaza kale m'chikwama, musam'patse nkhope yanu.

Ndi zizindikiro ziti zofunika kuthamangira kuchipatala?

Kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope zonse kugwa, mawu kusasa kapena lilime kulemera, kutsamwa ndi madzi, khosi kulephera kunyamula mutu, kufooka thupi lonse, ndi kubanika. Zimatha kubwera patapita maola ochepa, masiku, ngakhale masabata. Musadikire kuti kuche. Uzani achipatala momveka kuti munabayidwa chiyani, liti, ndi kuti, ndipo ngati muli ndi chithunzi cha kabotolo muwaonetse, chifukwa zizindikirozi zimafanana ndi sitiroko ndipo angayambe kufufuza kwina. Mankhwala olimbana ndi poizoniyu amangogwira amene akadali m'magazi, sabweza kufooka kumene kwachitika kale, n'chifukwa chake kufulumira n'kofunika.

Botox, Dysport, Xeomin: ndi amodzi?

Atatuwa ndi poizoni wa mtundu A, koma mapangidwe ake ndi osiyana. Botox ndi wa kampani ya Allergan, imene inagulidwa ndi AbbVie mu 2020, ndipo amapangidwa ku Westport m'dziko la Ireland. Dysport anayambira ku Britain. Xeomin ndi wa kampani ya Merz ya ku Germany, anachotsedwa mapuloteni ena okuta poizoni, ndipo asanatsegulidwe safuna firiji. Palinso wa mtundu B, wotchedwa Myobloc.

Mayunitsi awo sasinthanitsika. Pamene Botox amabaya 20 pakati pa nsidze, Dysport amabaya 50. Manambala onse a mayunitsi amene tatchula pamwambapa ndi a Botox. Mukasintha chipatala, tengani kalata yonena dzina la mankhwala, mayunitsi, malo obayidwa ndi tsiku, chifukwa mulingo wa malo onse umaphatikizidwa. Kwa munthu wamkulu Botox asapyole mayunitsi 400 pa miyezi itatu, kuwerengera za mwendo, za chikhodzodzo ndi za pankhope zomwe.

Poyamba ankandithandiza, pano sakugwiranso. Chalakwika n'chiyani?

Kawirikawiri chifukwa chake n'chapafupi: mulingo wachepa, singano yaphonya mnofu woyenera, mankhwala sanasungidwe bwino kapena anathiridwa madzi ambiri, kapena matendawo asintha ndipo minofu ina yayamba kukoka. Kwa odwala sitiroko ndi ana, onaninso ngati mafizo sanalekezedwe panjira, kapena ngati mfundo yayamba kuumiratu.

Mwa anthu ochepa, chitetezo cha m'thupi chimayamba kuzindikira poizoniyu n'kumamuthetsa mphamvu asanagwire ntchito. Zimachitika makamaka kwa olandira mulingo waukulu pafupipafupi. Dokotala angayese pobaya pang'ono mbali imodzi ya chipumi n'kuona pakatha masabata awiri ngati mbaliyo yasiya kukwinyika. Ikapanda kusintha, angakusinthireni mtundu wina kapena kukupumitsani kwa miyezi ingapo.